Mayi Inger wa ku Austrått ndi Akamwini Ake

Nils Henriksson atamwalira mu 1523, mkazi wake Inger Ottesdotter Rømer sanataye nthawi ndi kulira. Anamusiyira ana aakazi asanu ndi Austrått, dera lachonde pamalo pomwe ngalawa zimalowera popita ku Trondheim. Aliyense wopita pangalawa kwa bishopu wamkulu wa Norway ku Trondheim ankadutsa pakhomo pake.

Ukwati wake womwe unali nkhani ya malo. Mabanja awiri ankalimbirana Austrått, ndipo mlandu unazizira Inger atakwatiwa ndi Nils. Njira imeneyi mayiyu anaigwiritsitsa: ana ake onse anawapezera amuna pakati pa akuluakulu a ku Denmark, dziko lomwe linkalamulira Norway. Mkamwini wake Vincens Lunge, mwamuna wa mwana wake Margrete, anali ndi mphamvu zoopsa ku Bergen, ndipo iye ndi apongozi akewo ankamvana kwambiri pa nkhani yokolola zapamunda wa eni ake. Nyumba ya masisitere ya Rein, pamodzi ndi minda yake, inagwera m'manja mwa Inger.

Nthawi zina dyera linkamutseka m'maso. Mnyamata wina wa ku Sweden atabwera akudzitcha mwana wa Sten Sture, yemwe adalamulirapo dzikolo, Inger anamulandira n'kumulonjeza mwana wake. Mnyamatayo anaphedwa ku Rostock mu 1528, ufumu wa Sweden osaununkha n'komwe.

Amene ankamusowetsa tulo anali bishopu wamkulu Olav Engelbrektsson, ndipo bishopuyo mpata anaupeza m'nyumba mwa Inger momwemo. Mwana wake Eline atamwalira, mwamuna wake Nils Lykke anabereka mwana ndi mlamu wake Lucie, mwana winanso wa Inger, zomwe malamulo a mpingo ankaziwerenga ngati chigololo cha pachibale. Nils anatsekeredwa m'linga la Steinvikholm n'kuphedwa mu Disembala 1535. Mu Januwale 1536 anthu a bishopuyo anaphanso Lunge ku Trondheim. Koma mu 1537 bishopu ndiye anathawa m'dziko, Inger n'kutsala ndi minda yake.

Inger anamira m'madzi mu 1555 pagombe la Sunnmøre, ali pa ulendo ndi Lucie yemwe uja. Austrått inapita kubanja la Bjelke, komwe Lucie anakwatiwa Nils Lykke ataphedwa.

Patapita zaka 300, wolemba masewero Henrik Ibsen anamuika Inger m'sewero ngati mayi wosenza tsoka la dziko lake, n'kumupangira mwana wamwamuna wachinsinsi amene amaphetsa mosadziwa. Inger weniweni akanadabwa nazo, poti milandu yake yambiri inali ya cholowa ndi minda.