Mmene tinkalowera boma la mganda

Adzukulu anga, mukamaona anyamata ovala zoyera akuvina mganda paukwati kapena pamsonkhano, musamayese kuti gule ameneyu anayamba ngati masewera a ana. Anachokera kunkhondo, ndipo amene anabwera naye anali anthu oti imfa anaiona ndi maso.

Agogo anga ankatiuza kuti nkhondo ya Ajeremani itabuka mu 1914, inafika mpaka ku Karonga. Azungu analemba amuna ambiri usilikali wa King's African Rifles, umene tonse tinkangouti Keyala, ndipo likulu lake m'dziko muno linali ku Zomba. Ochuluka kuposa asilikaliwo anatengedwa kukakhala amtengatenga, kusenza zipolopolo ndi chakudya pamutu, ndipo ambiri anatsala m'tchire ndi njala ndi matenda. Amene anapulumuka nkhondo itatha mu 1918 anabwerera kumudzi ndi zimene anaona kumisasa: kuguba pamzere, ng'oma yaikulu ya bandi, malipenga amkuwa, ndi maudindo a wamkulu ndi wamng'ono. Kwa Atonga a ku Nkhata Bay zimenezi zinabala gule wa malipenga, Ayao anagwira beni, ndipo ife a ku Dowa, Ntchisi ndi Kasungu tinakhala ndi mganda.

Ine ndinakula nkhondo yachiwiri itatha. Amalume anga anali atabwerako ku Burma, ndipo iwowo ndiwo anali kapitawo wa boma lathu. Gulu la mganda linkatchedwa boma, ndipo linalidi ndi dongosolo lake. Pamwamba panali kingi, amene ankakhala pampando atavala suti n'kumayang'ana anthu ake. Pansi pake panali kapitawo, sajeni, mlembi, msungichuma, dokotala ndi anesi. Ngakhale mwana wa nyakwawa akalowa m'boma ankamvera sajeni, kaya sajeniyo kwawo n'kosauka chotani.

Kuphunzira kunkayamba tikatha kukolola, nthawi imene minda yapuma ndipo mwezi ukuwala. Ife ana tinkaima kumbuyo kwenikweni kwa mizere, opanda nsapato, maso ali pa zidendene za wotsogola. Palibe amene ankakugwira dzanja. Amalume ankaimba wenzulo n'kufuula malamulo m'Chizungu cha kuusilikali chimene ambirife sitinkadziwa tanthauzo lake, koma miyendo inkamva. Woyimba ng'oma yaikulu akasintha kamenyedwe, mzere wonse unkatembenuka pamodzi, kuwerama pamodzi, kuponya mwendo pamodzi. Wina mmodzi akachedwa, amalume ankaimitsa onse n'kuyambitsanso. Sankakalipa. Ankangoti mwendo wako si wako ukakhala pamzere, ndi wa boma.

Usanaloledwe kulowa, unkayenera kudzipangira lipenga lako. Tinkasankha chipanda chouma chakhosi lalitali, kuchiboola, kuchotsa njere ndi kuchipala m'kati. Kenaka tinkayenda m'makhitchini ndi m'nkhokwe kufunafuna kansalu koyera kamene kangaude amaphimbira mazira ake pakhoma. Kansalu kameneka tinkakasenda mosamala ndi nsonga ya mpeni, chifukwa kakang'ambika pang'ono ntchito yonse yawonongeka, n'kukamata pakabowo. Lipenga limeneli suuzira mpweya chabe, umayimbira m'kati mwake, ndipo kansaluko kakamanjenjemera mawu ako amatuluka aakulu, onyenyereza. Zipanda zazikulu zinkalira mobangula, zazing'ono mokweza, ndipo zikalirira pamodzi munthu wa kumudzi wina ankadziwa kuti boma lakuti latuluka.

Chovuta chinali zovala. Ankafuna malaya oyera, kabudula woyera, masokosi aatali ofika m'maondo, nsapato ndi tayi. Ena ankazipeza atagulitsa fodya, ena ankadikira achimwene awo obwera ku Joni kudzera ku Wenela kapena ku Salisbury. Zanga anandigulira amayi atagulitsa mtedza wa chaka chonse. Tsiku lolowa ndinapereka sheleni kwa msungichuma, mlembi analemba dzina langa m'buku, ndipo kingi anandionetsa malo anga pamzere wachitatu. Kuyambira tsiku limenelo ukachedwa ku bwalo unkalipa tiki, ukabwera utaledzera unkakhala pansi osavina.

Musaseke za dokotala uja. Tisanatuluke ankayenda mzere wonse kuyang'ana zikhadabo, mano, tsitsi ndi mapindiro a kabudula. Wovala zosasita ankabwezedwa. N'chifukwa chake madzulo a tsiku loti mawa kuli gule, simbi yamakala imodzi inkazungulira mudzi wonse, nyumba ndi nyumba, mpaka usiku. Anyamata amene sanapiteko kusukulu anaphunzira ukhondo ndi kusunga nthawi m'boma la mganda.

Chimwemwe chenicheni chinali mpikisano. Mlembi ankalemba kalata yoitana boma la mudzi wina, mnyamata n'kuipereka panjinga. Alendo ankabwera akuguba, mbendera patsogolo, ng'oma ikugunda kuyambira kudambo, ndipo ife tinkakawachingamira panjira. Amayi anali ataphika thobwa, mbuzi itaphedwa, ndipo mlendo aliyense ankapatsidwa nyumba yogona. Pabwalo maboma ankavina mosinthana. Nyimbo tinkapeka tokha, zonena za msonkho, za matchona oiwala kwawo, za mkamwini waulesi, ndipo amene yamukhudza ankadziwa yekha. Akazi ankaimba nthungululu, kulowa m'bwalo kupukuta thukuta ovina bwino ndi mipango, ndi kuwafupa. Iwonso anali ndi gule wawo wa chimtali. Maukwati ambiri a m'badwo wanga anayambira pamabwalo amenewo, kuphatikizapo wanga ndi agogo anu. Boma lopambana linali limene mizere yake sinakhote ndipo malipenga ake sanasemphane, osati limene lili ndi katswiri mmodzi wodumpha kuposa anzake.

Chimene ndimalemekeza makolo athu n'chakuti anatenga kuguba kumene anakuphunzira m'masautso, akulamulidwa ndi anthu ena, n'kukusandutsa chinthu chawochawo. Pabwalo lathu kingi anali wathu, malamulo anali athu, ndipo chuma cha boma chinkathandiza membala akadwala kapena akaferedwa. Mutu umodzi susenza denga, ndipo ife tinaphunzira zimenezi ndi miyendo tisanazimve ndi makutu.

Lero amene tikudziwa kumata kansalu ka kangaude pachipanda tatsala ochepa. Inu anyamata, musadikire kuti akuitaneni kukavina pa tsiku la alendo lokha. Pitani kwa akuluakulu amene adakali ndi mphamvu, akuphunzitseni masitepe ndi malamulo ake omwe, musankhe kingi ndi msungichuma wanu, ndipo mukakolola chaka chino mulembere kalata mudzi woyandikana nawo kuti mudzapikisane.