Kuyera kwa vanishi pa mipando yamatabwa

Ili ndi vuto lomwe vanishi amaoneka wotuwa ngati chifunga m'malo mowala, mpaka mizere ya thabwa kubisika.

Gwero lake nthawi zambiri ndi chinyezi. Zopaka monga lacquer ndi shellac zimauma msanga. Mankhwala osungunulira akamauluka, pamwamba pa thabwa pamazizira, ndipo chinyezi cha mumpweya chimasanduka timadontho timene timatsekeredwa m'kati mwa chopakacho. N'chifukwa chake akalipentala amakumana nalo kwambiri m'nyengo ya dzinja ndi masiku a chiperoni. Thabwa losauma bwino, kupaka mochindikala, ndi kapu yotentha yoikidwa patebulo zimabweretsanso vutoli.

Kakonzedwe kamadalira mtundu wa chomwe chinapakidwa. Yambani mwaika mpandowo pamalo ouma ndi ofunda, chifukwa kuyera kwina kumatha kokha. Pa lacquer, wazani thina (thinner) pang'ono kuti afewe, madzi atuluke. Pa shellac, pukutani mopepuka ndi kansalu konyowetsedwa ndi spiriti. Mukakhuthula spiritiyo kapena kutikita, mumachotsa shellac yense. Polyurethane akauma sasungunukanso, choncho palani ndi sandipepala ya nambala 320 motsata mizere ya thabwa, chotsani fumbi, kenako pakaninso. Chizindikiro cha kapu chimachoka mukayala nsalu youma pamwamba n'kusita ndi simbi yofunda, mukukweza pafupipafupi kuti muone.

Popewa vutoli, pakani kunja kukauma, mopyapyala, ndipo dikirani kuti chopaka choyamba chiume musanabwereze. Njira iliyonse iyambe yayesedwa pamalo obisika, monga kunsi kwa tebulo.