Ufulu Wolankhula ndi Mtengo Wake: Nkhani ya Don Imus



Pamsonkhano wathu wapitawu, titatha kukambirana za chuma cha bungwe, panabuka mkangano umene sunali pa ndondomeko ya tsikulo. Mmodzi mwa ife anadandaula za muulutsi wina amene ananyoza amayi pa pologalamu imene omvera amaimbako lamya. Mnzathu wina, amene ndinkalimbana naye pa mtsutso tili Fomu 3, anayankha kuti: "Ino ndi demokalase, msiyeni alankhule." A tcheyamani anatidula poti nthawi inali itatha, ndipo ine ndinalonjeza kuti ndidzayankha m'kalata yathu ino. Yankho langa ndi mbiri ya zimene zinachitika ku Amereka m'chaka cha 2007.

Don Imus anali mmodzi mwa aulutsi otchuka kwambiri m'dzikolo. Pologalamu yake ya m'mawa, Imus in the Morning, inkachokera pa wailesi ya WFAN mumzinda wa New York, ya kampani ya CBS, ndipo inkamveka pa mawailesi ena ambiri. Inkaonekanso pa wailesi yakanema ya MSNBC. Mkuluyu anatchuka kaamba ka pakamwa pake. Ankanyoza aliyense, ndipo omvera ankaseka. Ngakhale zinali choncho, andale akuluakulu monga John McCain ndi John Kerry ankabwera kudzacheza naye, chifukwa ankadziwa kuti anthu ambiri amamumvera.

Pa 3 Epulo 2007 panali masewero otsiriza a mpikisano wa basketball wa atsikana a m'mayunivesite. Timu ya Rutgers, yunivesite ya boma la New Jersey, inagonja kwa timu ya Tennessee ndi mapointi 59 kwa 46. Kufika kokhako pa masewero otsiriza chinali chinthu chonyaditsa. Mwa atsikana khumi a timuyo, asanu ndi atatu anali akuda.

M'mawa mwake, pa 4 Epulo, Imus ndi mnzake wokonza pologalamu, Bernard McGuirk, anayamba kuwaseka atsikanawo. Imus anawatchula ndi mawu otanthauza akazi oyendayenda, nawonjezapo mawu onyoza tsitsi la munthu wakuda. Ku Amereka kunyoza tsitsi lotere si nthabwala wamba: ndi chipongwe chakalekale, chochokera m'nthawi ya ukapolo umene unatha mu 1865. Mawuwo anatenga kanthawi kochepa kwambiri, ndipo pologalamu inapitirira ngati kuti palibe chachitika. Koma bungwe lina loyang'anira zoulutsidwa, la Media Matters for America, linajambula mawuwo nkuwafalitsa.

Imus anapepesa pa 6 Epulo. Pa 9 Epulo anakapepesanso pa pologalamu ya Mbusa Al Sharpton, ndipo tsiku lomwelo mabwana ake analengeza kuti amuimitsa ntchito milungu iwiri. Ambiri ankaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Paja munthuyu anali atanyozapo anthu ambiri m'mbuyomo osaona kanthu. Koma akuluakulu anati chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Zinthu zinatembenuka pa 10 Epulo, pamene atsikanawo anaitanitsa atolankhani pamodzi ndi mphunzitsi wawo, mayi C. Vivian Stringer. Sanatukwane, sanalalate. Anafotokoza modekha kuti iwo ndani, akuphunzira chiyani, ndi mmene mawuwo anawalandira chimwemwe cha chaka chonse cha khama. Dziko lonse linaona kuti amene ananyozedwa sanali andale odziwa kudziteteza, koma ana asukulu, ena mwa iwo a chaka choyamba. Kholo lililonse linaona mwana wake. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Kuchokera apo zinthu zinathamanga. Makampani amene ankalipira kuti malonda awo azitsatsidwa pa pologalamuyo, monga Procter & Gamble, Staples, General Motors ndi American Express, anachotsa malonda awo. Ogwira ntchito ku NBC, eni ake a MSNBC, anauza mabwana awo kuti sakufunanso kumuona. Barack Obama, amene panthawiyo anali seneta, ananenanso kuti munthuyu achotsedwe. Pa 11 Epulo MSNBC inaleka kuonetsa pologalamuyo, ndipo pa 12 Epulo mkulu wa CBS, Leslie Moonves, anaithetseratu. Usiku wa tsiku lomwelo Imus anakumana ndi atsikanawo kunyumba ya bwanamkubwa wa New Jersey, ndipo mawa lake mayi Stringer analengeza kuti timu yalandira kupepesa kwake.

Tsono funso la mnzanga uja nali: kodi Imus analandidwa ufulu wake wolankhula? Anthu ambiri ku Amereka anatero. Ena anafunsa chifukwa chake oimba nyimbo za rap amatchula mawu omwewo napeza nawo ndalama, koma muulutsi yekha ndiye achotsedwe ntchito. Funsoli si lopanda pake.

Komabe tiyang'ane zimene lamulo limanena. Lamulo loyamba lowonjezeredwa ku malamulo oyendetsera dziko la Amereka, limene linayamba kugwira ntchito mu 1791, limaletsa nyumba ya malamulo kupanga lamulo lophwanya ufulu wolankhula. Limamanga manja a boma. Ndipo pankhani ya Imus boma silinachitepo kanthu. Palibe wapolisi amene anagogoda pakhomo pake, sanaimbidwe mlandu, ndipo bungwe la boma loyang'anira mawailesi, la FCC, silinamulange. Amene anamulanga ndi omvera amene anakwiya, makampani amene anakana kulipira, ndi bwana amene anati wailesi yanga isamveke chotere. Onsewa nawonso ankagwiritsa ntchito ufulu wawo. Lamulo linamupatsa Imus ufulu wolankhula, koma silinamulonjeze wailesi, ngakhale malipiro.

Ife a msinkhu wathu kusiyana kumeneku tiyenera kukumvetsa kuposa ana athu. Tili kupulaimale, wailesi m'dziko muno inali imodzi yokha, MBC, ndipo makolo athu ankatsitsa mawu polankhula za boma ngakhale m'nyumba mwawo. Mlakatuli Jack Mapanje, mphunzitsi wa ku Chancellor College, anamangidwa mu 1987 nakhala m'ndende ya Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Kumeneko ndiko kulandidwa ufulu. Riferendamu ya pa 14 Juni 1993 itadutsa, malamulo atsopano oyendetsera dziko a 1994 anatipatsa gawo 35, lonena za ufulu wofotokoza maganizo, ndi gawo 36, la ufulu wa atolankhani. Kuyerekeza Imus, amene anangochotsedwa ntchito nkubwerera kwawo, ndi munthu wotsekeredwa zaka popanda mlandu, nkupeputsa zimene anthu athu anaona.

Ndisabise mbali inayo ya mbiriyi. Chilango chochokera ku ndalama sichikhalitsa. Imus anali ndi mgwirizano wa zaka zisanu wa madola 40 miliyoni, ndipo loya wake ananena kuti CBS inamulemba ntchito ikudziwa, ndiponso ikufuna, kuti azilankhula zoputa anthu. Mu Ogasiti 2007 mbali ziwirizo zinagwirizana kunja kwa bwalo la milandu. Pa 3 Disembala chaka chomwecho, miyezi isanu ndi itatu isanakwane, Imus anabwereranso pa wailesi ya WABC, atatenga asangalatsi awiri akuda kuti azigwira naye ntchito. Anaulutsa mawu mpaka pamene anapuma mu Malichi 2018, ndipo anamwalira mu Disembala 2019 ali ndi zaka 79. Makampani aja anali atalipira nthabwala zake zonyoza kwa zaka zambiri, ndipo anangothawa pamene anaona kuti malonda awo awonongeka. Choncho tisawatame kwambiri.

Nanga muulutsi wathu uja tichite naye bwanji? Kwa amene mumati atsekeredwe, ndikukana. Tikalola kuti munthu azimangidwa chifukwa mawu ake atinyansa, mawa adzamangidwa amene wanena zoona zonyansa akuluakulu, ndipo njira imeneyo tinaiyendapo kale. Kwa mnzanga wa Fomu 3 amene amati tingomusiya, ndikukananso. Ufulu umene muulutsiyo ali nawo ndi womwewo umene ine ndi inu tili nawo. Tingathe kuimba lamya pa pologalamu yomweyo nkumutsutsa, kulembera mkulu wa wailesiyo, kufunsa amene amatsatsa malonda awo pamenepo ngati akugwirizana ndi chipongwecho, kapena kungotembenuza wailesi. Koposa zonse, amayi onyozedwawo apatsidwe mpata alankhule okha, monga anachitira atsikana a Rutgers.

Mnzanga, ndayankha. A mkonzi andilonjeza kuti tsamba lino likhala lako m'kalata yotsatira, ndipo ndidzawerenga mwachidwi.