Madzi a Moyo ndi Kakhomo Kamene Kolera Ilephera Kutseka

Acinyamata anzanga, ambiri a inu mukumbukira Januwale wa 2018. Kolera inabuka ku komboni ya Chipata mu Okutobala 2017, n'kufika ku Kanyama. Asilikali anacotsa ogulitsa m'misewu ya m'tauni, masukulu anacedwa kutsegulidwa, ndipo Heroes Stadium inasanduka cipatala. Mu Januwale 2024 bwalolo linadzazanso ndi odwala. Ambiri amene anacira anapulumutsidwa ndi madzi osakaniza shuga ndi mcere, amene kuno timawacha Madzi a Moyo. Kodi cakumwa capafupi cotere cigonjetsa bwanji matenda oopsa? Yankho lili m'maselo.

Thupi lathu linamangidwa ndi tizipinda tosaoneka ndi maso. Amene anatipatsa dzina ndi Robert Hooke wa ku England mu 1665, atayang'ana khungwa la mtengo pa maikulosikopu. Selo iliyonse ili ndi kakhungu kopyapyala kokhala ndi timakomo. Timakomo timeneti tisankha coloŵa ndi coturuka, kuti mcere ndi madzi zikhale pa muyezo wake. Lamulo lake n'lakuti kumene mcere wapita, madzi atsatira.

Kwa zaka zambiri madokotala anaona kuti wodwala kolera auma, koma cifukwa cake sanacidziŵe. Mu 1959 Sambhu Nath De wa ku Calcutta, poyesa pa matumbo a akalulu, anaonetsa kuti kacirombo ka kolera katulutsa poizoni. Poizoniyo isiya kakhomo kena ka m'maselo a matumbo kali kotsegula. Mcere uthaŵira m'matumbo, madzi nawonso autsatira, ndipo munthu wamkulu angataye lita imodzi pa ola. Maso aloŵa m'kati, magazi acepa, impso zileka nchito. Kum'patsa madzi okhaokha sikukwanira, popeza matumbo alephera kuwayamwa mokwanira.

Caka cotsatira, mu 1960, Robert Crane wa ku America anafotokoza pa msonkhano ku Prague za kakhomo kena. Kameneka kaloŵetsa sodiyamu, gawo la mcere, pokhapokha atabwera pamodzi ndi shuga wa gulukosi. Ciri ngati mlonda amene salola munthu kuloŵa yekha, koma aŵiriaŵiri. Crane sanali kufufuza za kolera ai. Ena ndiwo anadzapeza kuti poizoni ya kolera siwononga kakhomo kameneka. Tsono shuga akokera mcere m'selo, mcere ukokera madzi, ndipo madziwo abwerera m'magazi.

Umboni waukulu unaoneka mu 1971, pa nkhondo ya ku Bangladesh. Pa msasa wa othaŵa nkhondo ku Bangaon, m'dziko la India, madiripu anatha. Dokotala Dilip Mahalanabis anasakaniza mcere, soda ndi gulukosi m'migolo, nauza acibale kuti azimwetsa odwala awo. Imfa zinatsika kucoka pa anthu pafupifupi 30 pa 100 alionse kufika pa osakwana 4. Kwa ine cogometsa n'cakuti omwetsawo sanali anamwino, koma amai ndi alongo wamba.

Ena a ife a ku Kabulonga, Woodlands, Chelstone kapena Kabwata timaona kolera ngati matenda a m'makomboni. Komatu maselo a mwana wa ku Kabulonga ndi a mwana wa ku Kanyama ndi amodzimodzi. Cosiyana ndi madzi amene akumwa, maka kumene zitsime zosazama zayandikana ndi zimbudzi.

Ngati paketi ya ku kiliniki palibe, tengani lita imodzi ya madzi oŵiritsa, masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira, ndi theka la supuni yaing'ono ya mcere. Mwetsani wodwalayo pang'onopang'ono muli pa ulendo wa ku cipatala. Musaonjezere shuga poganiza kuti mum'patsa mphamvu: shuga akacuruka akokera madzi m'matumbo, ndipo kutsegula m'mimba kukulirakulira.