Choipa Chitsata Mwini: Macbeth wa M'sewero ndi Macbeth wa M'mbiri

Ophunzira ambiri a m'sukulu za sekondale, kuphatikizapo a ku Ntaja m'boma la Machinga, akhala akuwerenga sewero la Macbeth pokonzekera mayeso a MSCE. Ambiri amatseka bukulo ali ndi chithunzi cha munthu wouma mtima amene anapha mfumu yake chifukwa cha dyera. Komabe ndi ochepa amene amadziwa kuti Macbeth anali munthu weniweni amene analamulira dziko la Scotland zaka 17, ndiponso kuti mbiri yake imasiyana kwambiri ndi zimene William Shakespeare analemba.

M'seweroli, limene linalembedwa cha m'ma 1606, Macbeth ndi kazembe wa nkhondo wolimba mtima ndi wokondedwa ndi mfumu Duncan. Tsiku lina akumana ndi mfiti zitatu zimene zimulosera kuti adzakhala mfumu. Mawuwa amera mizu mumtima mwake, ndipo mkazi wake awathirira. Duncan atabwera kudzacheza kunyumba kwawo ku Inverness, Macbeth amubaya ali m'tulo, ndipo mlandu aukankhira kwa alonda a mfumuyo.

Apa ndi pamene Shakespeare akuonetsa khalidwe la choipa, kuti sichikhala chokha. Pofuna kubisa imfa ya Duncan, Macbeth apha alonda aja. Poopa bwenzi lake Banquo, amene anamva nawo ulosi wa mfiti, atuma zigawenga kukamupha. Atamva kuti Macduff wathawira ku England, aphetsa mkazi wake ndi ana ake osalakwa. Imfa iliyonse imene amayesa kuti imubweretsera mtendere imangomuonjezera mantha. Tulo timusowa, ndipo mzukwa wa Banquo umuonekera pakati pa phwando. Mkazi wake ayamba kuyenda ali m'tulo, akusamba m'manja kuti achotse magazi amene ena sakuwaona, mpaka amwalira. Pomaliza Macduff apha Macbeth, ndipo Malcolm, mwana wa Duncan, alowa ufumu. Akuluakulu ananena kuti choipa chitsata mwini.

Koma mbiri yeniyeni ikusimba zina. Duncan analowa ufumu m'chaka cha 1034. Sanali nkhalamba yanzeru monga akuonekera m'seweroli. Anali wachinyamata, ndipo nkhondo imene anakamenya pa mzinda wa Durham ku England inamukanika. Macbeth anali wolamulira chigawo cha Moray, kumpoto kwa Scotland, ndipo mkazi wake Gruoch anali wa banja lachifumu. M'chaka cha 1040 Duncan analowa m'chigawo cha Macbeth ndi ankhondo ake, ndipo anaphedwa pa nkhondo pafupi ndi Elgin. Sanafere pakama m'nyumba ya womulandira.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, m'pofunika kukumbukira za kalowedwe ka ufumu. Pakati pa Ayao a ku Ntaja ndi Achewa, mwambo umati wolowa ufumu ndi wa kuchikazi, monga mwana wa mlongo wake wa mfumu, osati mwana wake wobereka. Ku Scotland nako masiku amenewo ufumu sunali wochoka kwa bambo kupita kwa mwana nthawi zonse. Unkasinthana pakati pa nthambi za banja lachifumu, ndipo kawirikawiri nkhondo ndiyo inkagamula. Choncho anthu a nthawiyo sakanaona Macbeth ngati wakuba ufumu wa eni.

Ulamuliro wake unali wokhazikika kotero kuti m'chaka cha 1050 anapita ku Rome pa ulendo wachipembedzo, kumene anagawira ndalama amphawi. Mfumu yodedwa ndi anthu ake sikanalimba mtima kusiya dziko kwa miyezi yambiri chomwecho. M'chaka cha 1054 Siward wa ku Northumbria anamuthira nkhondo, koma Macbeth anakhalabe pampando mpaka 1057, pamene Malcolm anamupha ku Lumphanan.

Nanga n'chifukwa chiyani Shakespeare anamudetsa chotere? Choyamba, iye sanali wofufuza mbiri. Nkhaniyi anaipeza m'buku la Raphael Holinshed la mbiri ya England, Scotland ndi Ireland, limene linasindikizidwa kachiwiri mu 1587, patapita zaka zoposa 500 Macbeth atamwalira. M'buku lomwelo muli nkhani ya Donwald, amene anaphetsa mfumu Duff m'nyumba mwake atakakamizidwa ndi mkazi wake. Shakespeare anatenga mlandu wa Donwald n'kuusenzetsa Macbeth.

Chachiwiri, ankalembera maso a mfumu James, wa ku Scotland, amene analowanso ufumu wa England mu 1603 natenga gulu la zisudzo la Shakespeare kukhala lake. James ankaopa ufiti, ndipo analemba buku lonena za ufiti mu 1597. Mu November 1605 anthu ena anakonza chiwembu chophulitsa nyumba ya malamulo ndi wonga, mfumuyo ili momwemo, koma anagwidwa. Sewero loonetsa tsoka la wopha mfumu linafika pa nthawi yake. Kuonjezera apo, banja la James linkati ndi mbumba ya Banquo. M'buku la Holinshed, Banquo anathandiza Macbeth kupha Duncan, koma Shakespeare anamuyeretsa kuti asanyoze kholo la mfumu. Akatswiri a mbiri amakhulupirira kuti Banquo sanakhaleko n'komwe.

Zotsatira zake n'zakuti chiyambire 1623, pamene seweroli linasindikizidwa koyamba, dziko lapansi limadziwa Macbeth ngati chigawenga. Banja la Malcolm, limene linamugonjetsa, ndilo linatsala ndi ufumu, ndipo nkhani ya wogonja inasimbidwa mokomera opambana. Wakufa sadziwiringula.

Izi sizichotsa phindu la seweroli. Zimene likunena za mtima wa munthu n'zoona: dyera limayamba ngati ganizo lobisika, limabala tchimo limodzi, ndipo tchimolo limafuna lina loliphimba, mpaka wolichita atsala wopanda tulo, wopanda bwenzi ndi wopanda ulemu. Izi zimaoneka pa mikangano ya ufumu, ya minda ndi ya chuma cha masiye m'midzi yambiri. Koma wophunzira wanzeru atolapo phunziro lachiwiri. Asanaweruze munthu wa m'mbiri, kaya mfumu ya ku Scotland kaya mfumu yakale ya m'dera la kwawo, ayambe wafunsa kuti nkhaniyo anaisimba ndani, anaisimba liti, ndipo ankafuna kukondweretsa yani.