Kugunda kwa Mtima Pang'onopang'ono kwa Amene Tikumwa Mankhwala a Mtima ndi a BP

Mtima wa munthu wamkulu amene wakhala pansi akupumula umagunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi imodzi. Ukamagunda kosakwana ka 60, achipatala amati bradycardia. Abale ndi alongo athu a m'minda ya tiyi ku Thyolo, monga ku Satemwa, Conforzi, Makandi ndi Naming'omba, amene amakayezetsa BP, nambala imeneyi amaiona pa makina oyezera, m'munsi mwa nambala ziwiri za BP zija.

Nambalayo payokha siyonena kuti munthu wadwala. Wothyola tiyi amene wakhala zaka zambiri akukwera zitunda ndi dengu kumsana akhoza kukhala ndi mtima wolimba wogunda ka 55, iye ali bwinobwino. Tikagona tulo umatsikanso. Komanso mankhwala ena ntchito yake ndi yomweyo, yochepetsa liwiro la mtima kuti usamatope: atenolol, propranolol, bisoprolol, carvedilol ndi digoxin. Ngakhale timolol, mankhwala odontheza m'maso, amatha kutsitsa kugunda kwa mtima, choncho tiziwatchula kwa adokotala. Amlodipine ndi hydrochlorothiazide satero.

Tidziyeze m'mawa tisanamwe tiyi kapena mankhwala, titakhala pansi mphindi zisanu. Tiike zala ziwiri pamkono, m'munsi mwa chala chachikulu, ndi kuwerenga kwa mphindi yathunthu. Nambalayo tizilemba pa pepala pamodzi ndi tsiku lake, ndipo pepalalo tizisunga m'buku la kuchipatala.

Chofunika kwambiri ndi momwe thupi likumvera. Ngati mtima ukugunda pakati pa 50 ndi 60 koma tikugwira ntchito monga mwa masiku onse, tipitirize kumwa mankhwala ndi kukanena tsiku lathu la kuchipatala likafika. Ngati ukukhala pansi pa 50, kapena tikumva chizungulire, kufooka kosadziwika bwino, phuma pa chitunda chimene kale tinkakwera osaima, kapenanso mdima m'maso podzuka pa sijida, tipite kuchipatala cha pa esiteti tsiku lomwelo, tisanamwe mankhwala ena. Kukomoka, kupweteka pachifuwa, kusokonezeka mutu, kapena kugunda kofika pa 40 ndi kutsika, zimenezi sizidikira kuti kapitawo aweruse anthu. Wodwalayo atengeredwe msanga ku Thyolo District Hospital kapena ku Malamulo ku Makwasa. Achipatala amayeza mtima ndi makina a ECG, ndipo ofunika chithandizo chachikulu amatumizidwa ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre.

Choopsa n'kusiya tokha mankhwala chifukwa cha mantha. Atenolol ndi anzake akasiyidwa mwadzidzidzi, mtima umathamanga, BP imakwera, ndipo kwa amene mitsempha ya mtima wawo ndi yopanikizika kale, imfa ikhoza kubwera pomwepo. Adokotala amachepetsa mlingo pang'onopang'ono kapena kusintha mtundu wa mankhwala. Tikaiwala kumwa dzulo, lero tisamwe awiri. Mapiritsi a mnzathu wa pa laini tisabwereke, ngakhale akufanana maonekedwe ndi athu.

Digoxin amafuna kusamala mwapadera. Thupi likachepa madzi chifukwa cha kutsekula m'mimba, kusanza kapena thukuta la m'munda, impso zimalephera kumutulutsa ndipo amachuluka m'magazi, makamaka kwa achikulire ndi amene akumwanso furosemide. Zizindikiro zake ndi nseru, kusafuna chakudya ndi kuona zinthu ngati zachikasu.

Pachifukwa chomwechi, amene tikufuna kusala m'mwezi wa Ramadan tikaonane ndi achipatala mweziwo usanayambe, makamaka ukagwa m'nyengo ya mvula pamene ntchito yothyola imachuluka. Iwo ndi amene angatiuze mankhwala oti tizimwa pa daku ndi oti tizimwa pa futari. Omwa kawiri pa tsiku tisawaphatikize nthawi imodzi. Akatiuza kuti kusala kuika moyo wathu pachiswe, chilolezo cha wodwala chilipo, ndipo za kubweza masiku kapena kupereka fidya tikafunse ashehe athu.