Ku Edinburgh, pamsewu umene ankawotcherapo oganiziridwa ufiti

Pakhoma la nyumba ina yakale, pafupi ndi bwalo la linga la Edinburgh Castle ku Scotland, pali kampopi kachitsulo kamene alendo ambiri amangokapitirira osakaona. Madzi kanaleka kalekale kutulutsa, ndipo m'kabeseni kake amadzalamo maluwa. Ana ndiwo amafulumira kukaona, pamene akuluakulu ali kalikiliki kujambula linga ndi mafoni. Pachitsulocho anazokotapo nkhope ziwiri, ina yokwinya ina yofatsa, njoka itazizungulira, komanso duwa lotchedwa foxglove, limene amapangira mankhwala a mtima koma likachuluka limapha. Eni mzinda amakatcha Witches' Well. Anakakonza mu 1894 ndi mmisiri John Duncan atapemphedwa ndi Patrick Geddes, kuti kazikumbutsa anthu amene anawotchedwa pachitunda chimenechi cha Castlehill pa mlandu wa ufiti.

Ulendo wa pansi uyambire pamenepo. Kuchokera palingali, msewu wa Royal Mile umatsetsereka mtunda wa pafupifupi makilomita 1.6 mpaka kunyumba yachifumu ya Holyrood. Ndi kamtunda koti mwana wa sitandade 3 atha kuyenda osapempha kuberekedwa, bola avale nsapato zolimba chifukwa cha miyala, ndi juzi chifukwa mphepo ya kumeneko ilibe chisoni.

Madzulo alionse mumsewuwu mumadzaza anthu ovala mikanjo yakuda oitanira alendo ku maulendo a mizukwa, ndipo masitolo a mu Victoria Street amagulitsa zisoti zosongoka ndi timitengo ta matsenga ta Harry Potter. Ana amakonda zimenezo, palibe cholakwika. Koma kholo likawasiya pomwepo, amabwerera kunyumba akuganiza kuti amene ankawotchedwa anali agogo a mphuno zokhota a m'makatuni. Anali anthu a m'mudzi ndi a m'tauni, odziwika mayina awo, ena ogulitsa m'magolosale, ena antchito a m'nyumba. Ine ndikuti mwana amene wafika msinkhu wofunsa kuti "Amayi, analakwa chiyani?" wafikanso msinkhu womva yankho loona.

Lamulo loletsa ufiti ku Scotland linakhazikitsidwa mu 1563, Mary ali mfumukazi, patangotha zaka zitatu dzikolo litasiya Chikatolika n'kutsata Chipulotesitanti. Chilango chinali imfa, kwa mfiti ngakhalenso kwa munthu wopita kukafunsira kwa mfitiyo. Kwa zaka zoposa makumi awiri milandu inali apo ndi apo. Moto weniweni unabuka mu 1590, ndipo anauyatsa ndi namondwe wa panyanja.

Mfumu James VI inali itatomera Anne, mwana wa mfumu ya ku Denmark. Mu 1589 zombo zimene zinanyamula mkwatibwi zinakumana ndi mafunde oopsa mpaka zinathawira ku Norway. James analephera kupirira, anakwera chombo kumulondola, ukwati n'kuchitikira ku Oslo. Pobwerera mu 1590 nyanja inavutanso. Ku Denmark akuluakulu anayamba kuloza chala amayi ena kuti ndiwo analodza zombozo, ndipo anawawotcha. Nkhani imeneyi sinachedwe kufika m'makutu a mfumu ku Scotland.

Chaka chomwecho, m'katauni ka Tranent kum'mawa kwa Edinburgh, mkulu wina dzina lake David Seton anayamba kukayikira mtsikana wake wantchito, Geillis Duncan. Mlandu wake unali woti ankatuluka usiku ndipo ankathandiza odwala mpaka kuchira. Seton anamufinya zala ndi chitsulo chopanira, namumanga chingwe m'mutu n'kumachipotokola. Mtsikanayo pomaliza anavomera, nayamba kutchula mayina a anthu ena. Otchulidwawo atazunzidwa anatchulanso ena. Paja amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: anthu okwana pafupifupi 70 analowa m'mlandu umenewu, umene mbiri imautcha milandu ya ku North Berwick, chifukwa ankati afitiwo ankakumana ndi Satana usiku m'tchalitchi cha m'mbali mwa nyanja m'tauniyo.

Mmodzi wa otchulidwa anali Agnes Sampson, mayi wachikulire, mzamba ndi sing'anga wa zitsamba amene ngakhale mabanja olemera ankamuitana. Poyamba anakana zonse. Anamumeta tsitsi thupi lonse pofunafuna chimene ankati chidindo cha Satana, anamukulunga chingwe m'mutu, anamukaniza tulo. Atafooka anavomera kuti iye ndi anzake anatenga mphaka, namubatiza, namuponya m'nyanja kuti abweretse namondwe womiza mfumu. Pa 28 Januwale 1591 anamupotokola khosi pa Castlehill n'kuwotcha mtembo wake. Mphunzitsi wa sukulu ya ku Prestonpans, John Fian, anamuzula zikhadabo ndi kumuphwanya miyendo asanamuphe pamalo omwewo. Euphame MacCalzean, mwana wa woweruza wamkulu, mayi wa chuma chake, anamuwotcha wamoyo mu Juni 1591. Iyeyu anali pachibale cha ukwati ndi David Seton, ndipo pakati pawo panali nkhani ya chuma chamasiye. Geillis Duncan naye anaphedwa kumapeto kwa chakacho, atanena poyera kuti zimene ananamizira anzake ena zinali zabodza.

Kwa mwana wamng'ono palibe chifukwa chofotokozera za zikhadabo. Ndi zokwanira kumuuza kuti anthuwa ankapwetekedwa ndi kukanizidwa kugona mpaka anene zimene owafunsa ankafuna kumva. Mwana aliyense amadziwa mmene tulo timapwetekera. Mufunseni kuti atakhala masiku atatu osagona, wina akumugwedeza akangoti asinze, sangavomere kodi kuti ndiye anaswa mbale imene sanaikhudze n'komwe? Akayankha yekha, wamvetsa mbali yaikulu ya mbiri yonseyi.

Mukatsika pang'ono kuchoka palinga, pafupi ndi tchalitchi cha St Giles, yang'anani pansi. Pali chithunzi cha mtima chopangidwa ndi miyala, Heart of Midlothian. Pamenepo panali khomo la ndende yakale ya Tolbooth, imene anaigwetsa mu 1817. Odutsa ena amalavulirapo mpaka lero, ndiye gwirani ana dzanja asakhalepo pansi. M'ndende imeneyo munkasungidwa akaidi a mitundu yonse, oganiziridwa ufiti omwe. Mmodzi anali Agnes Finnie wa ku Potterrow, mayi wogulitsa m'kasitolo amene ankakongozanso ndalama. Anali wa pakamwa polusa. Akakangana ndi wangongole ankamutemberera, ndipo munthuyo kapena mwana wake akadwala pambuyo pake, anthu ankakumbukira mawu aja. Anawasonkhanitsa onse n'kukhala milandu, ndipo mu 1645 anaphedwa pa Castlehill. Nkhani yake ilibe mfumu, ilibe zombo. Muli ngongole, mkangano wa anthu oyandikana nyumba ndi matenda amene panalibe wodziwa chiyambi chake, ndipo milandu yambiri ya ufiti ku Scotland inkayamba motero. Kawirikawiri inkayambira kubwalo la akulu a mpingo, kenako n'kupita kukhothi la boma.

Akatswiri a mbiri a pa University of Edinburgh anafufuza m'mabuku a makhothi, ndipo mu 2003 anatulutsa kaundula wotchedwa Survey of Scottish Witchcraft. Anapeza anthu 3,837 amene anaimbidwa mlandu pakati pa 1563 ndi 1736. Mwa anthu 100 alionse, 84 anali akazi, ndipo mwa amene zaka zawo zimadziwika, pafupifupi theka anali opitirira zaka 40. Akuti ophedwa angakhale pafupifupi 2,500, m'dziko limene nthawi imeneyo linali ndi anthu ongokwana miliyoni imodzi. Kafukufukuyu anawongolanso nthano zina zimene otsogolera alendo amakonda. Adzakuuzani kuti kumene lero kuli munda wa maluwa wa Princes Street Gardens kunali dziwe la Nor Loch, zimene ndi zoona, ndipo adzati ankaponyamo amayi kuti aone ngati amira kapena ayandama. Umboni wa mchitidwe umenewo ku Scotland ndi wochepa kwambiri. Chimene chinali chofala ndi kukaniza tulo, ndi amuna olipidwa obaya anthu ndi singano zazitali pofuna malo osamva kuwawa. Wotchuka mwa iwo, John Kincaid wa ku Tranent, anadyerapo kwa zaka zambiri mpaka boma linamumanga mu 1662.

Ana akayamba kutopa, khoterani kummwera podzera pa George IV Bridge. Ku National Museum of Scotland mu Chambers Street kulowa ndi kwaulere, kuli potentha ndi pokhala. Kumeneko kuli timabokosi ta maliro ting'onoting'ono, totalika ngati chala, muli tizidole tamtengo tovekedwa nsalu. Anyamata ena anatipeza mu 1836 m'kaphanga paphiri la Arthur's Seat. Tinalipo 17, tatsala 8. Nyuzipepala za nthawi imeneyo zinathamangira kunena za ufiti, patatha zaka 100 lamulo la 1563 lija litathetsedwa.

Kutsidya kwa msewu kuli manda a Greyfriars, kumene ana amathamangira kukafuna mwala wolembedwa Thomas Riddell chifukwa cha Harry Potter. Asonyezeninso nyumba ya manda yozungulira ya George Mackenzie. Munthuyu anali loya wamkulu wa boma kuyambira 1677, ndipo dzina lake linaipa chifukwa chozunza Apulesibitiliyani amene anakana kuti mfumu ilamulire mpingo. Koma pa nkhani ya ufiti, ngakhale ankakhulupirira kuti afiti alipo, analemba kuti ambiri ovomera mlandu anali amphawi osaphunzira, ovomera chifukwa cha njala, mantha ndi kuzunzidwa, ndipo anafuna kuti makhothi azifunsa umboni weniweni. Pambuyo pa msako waukulu wa 1661 ndi 1662, pamene anthu oposa 600 anaimbidwa mlandu, oweruza anayamba kumangitsa malamulo pa nkhani ya kuzunza ndi kubaya singano. Milandu inayamba kuchepa. Anthu sanaleke kukhulupirira ufiti tsiku limodzi. Chimene chinasintha ndi choti khothi linaleka kulandira mphekesera ngati umboni. Womaliza kuphedwa, amene mbiri imamutcha Janet Horne, anawotchedwa ku Dornoch kumpoto, ndipo mabuku ambiri amati munali mu 1727. Mu 1736 nyumba ya malamulo ya Britain inafafaniza lamulo la 1563, n'kuika lina lolanga munthu wonamiza anzake kuti ali ndi mphamvu za matsenga.

Kumunsi kwa Royal Mile kuli nyumba yachifumu ya Holyrood, kumene James anafunsa yekha Agnes Sampson maso ndi maso. Mu 1597 mfumuyi inasindikiza buku lake la za afiti ndi ziwanda, Daemonologie. Ndi James yemweyu amene atakhalanso mfumu ya England mu 1603 analamula kumasulira Baibulo la Chingerezi la 1611 limene limadziwika ndi dzina lake, lija lili m'nyumba zambiri kwathu kuno. Ana akuluakulu ndi bwino adziwe zimenezi, kuti munthu wophunzira, wopemphera ndi waudindo atha kugwidwa ndi mantha n'kuphetsa osalakwa.

Mmalawi woyenda mumsewu umenewu sangadzitenge ngati mlendo wongoonerera. Ubale wathu ndi Scotland ndi wakale: chipilala cha David Livingstone chili mu Princes Street Gardens momwemo, ndipo mzinda wa Blantyre unatenga dzina la kwawo. Koma chimene chimandikhudza ndi china. Mu Januwale 2016 ku Neno, gulu la anthu linapha okalamba anayi powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wa m'mudzimo. Ku Scotland unali namondwe, kwathu inali mphenzi, ndipo konsekonse amene anafa ndi anthu osalakwa. Lamulo lathu la za ufiti la 1911, lochokera kwa atsamunda, limaletsa kumwetsa mwavi ndi kutchula munthu kuti ndi mfiti, komabe agogo akupitirira kugwetseredwa nyumba ndi kuthamangitsidwa m'midzi imene anabadwira. Kangapo konse ndi ana amene akuluakulu amawaika patsogolo kuti anene kuti agogo amawaphunzitsa kuuluka usiku. N'chifukwa chake sindikuona kuti nkhani ya Geillis Duncan ndi yoti tiziibisa kwa ana athu, kaya akukulira ku Glasgow kaya ku Ndirande.

Moyang'anizana ndi Holyrood pali nyumba ya malamulo ya Scotland, imene alendo amaloledwa kulowa. M'menemo, pa 8 Malichi 2022, Nicola Sturgeon, amene anali nduna yaikulu, anapepesa m'malo mwa boma kwa onse amene anaimbidwa mlandu pansi pa lamulo la 1563. Izi zinadza chifukwa cha kampeni ya Witches of Scotland imene loya Claire Mitchell ndi mlembi Zoe Venditozzi anayambitsa mu 2020. Mpingo wa Church of Scotland nawo unapepesa mu Meyi chaka chomwecho. Kampeniyo inapempha zinthu zitatu: kupepesa, chipilala cha dziko lonse, ndi lamulo lofafaniza milandu ya anthuwo. Phungu Natalie Don anayamba kukonza bilu ya chachitatuchi, koma atasankhidwa kukhala nduna mu 2023 ntchitoyo inaima kaye.